Kukonzekera colonoscopy: ntchito yaikulu imagwiridwa kunyumba

Dokotala akangotchula kuti mukufunika colonoscopy, maganizo a anthu ambiri amathamangira pa chinthu chimodzi, kachubu kolowetsedwa kunjira ya chimbudzi pamaso pa anthu osawadziwa. Mantha ndi manyazi zonse zimaunjikana pamenepo. Koma amene anapimidwapo kale amanena zina. Za m'chipinda chopimiramo ambiri sazikumbukira bwino, chifukwa amakhala atabayidwa mankhwala owodzeretsa, ndipo zonse zimatha pa mphindi 30 kapena 45. Chimene saiwala ndi madzulo a dzulo lake: jagi ya mankhwala amchere otsuka m'mimba patebulo, njala, ndi maulendo osatha opita kuchimbudzi. Gawo limeneli ndi limene limagamula ngati kupimako kupindule kapena ayi, ndipo palibe dokotala amene angakuchitireni.

Matumbo aakulu ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Amayambira m'munsi mwa mimba kudzanja lamanja, n'kukwera, n'kudutsa chopingasa, n'kutsikira kumanzere mpaka kunjira ya chimbudzi. Chipangizo chopimira ndi chubu chofewa, chonenepa ngati chala, chokhala ndi kamera ndi nyali kunsonga. Dokotala amachiyendetsa m'makhotamakhota onsewo akuyang'ana pa sikirini, uku akupopera mpweya pang'ono kuti matumbo atambasuke. Amafunafuna zilonda, malo otupa, malo otuluka magazi, khansa, komanso tinyama tating'ono tomera m'kati mwa matumbo totchedwa ma polyp. Tinyama timeneti tambiri sitivuta, koma tina, tikasiyidwa kwa zaka pafupifupi khumi, timasanduka khansa. Ubwino wa colonoscopy ndi woti dokotala akatipeza amatidula nthawi yomweyo ndi kawaya kokola ngati msampha, njira imene William Wolff ndi Hiromi Shinya anayamba ku New York mu 1969. Munthu amachoka patebulo khansa yake itapewedwa isanayambe n'komwe.

Tsono vuto lili apa. Polyp ina imakhala yaing'ono kuposa njere ya nandolo, ina imakhala yaphwatalala, yosiyana ndi khoma la matumbo pang'ono chabe pa maonekedwe. Kamera siiona kuseri kwa chimbudzi. Kupima matumbo osayera kuli ngati kufuna ndalama yachitsulo imene yagwera m'chithaphwi cha matope: ilipo ndithu, koma muidutsa osaiona. M'mayiko amene amawerenga zimenezi, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi kapena asanu aliwonse amafika matumbo ake asanayere mokwanira. Zotsatira zake, kupima kumatenga nthawi yaitali, zina zimaphonyedwa, kapena dokotala amalekezera panjira n'kunena kuti mudzabwerenso. Ku Malawi, kumene ntchitoyi imapezeka m'zipatala zochepa, monga zikuluzikulu za ku Blantyre ndi Lilongwe ndi zina zolipira, mawu oti "mudzabwerenso" ndi olemera. Ndi thiransipoti ina, malo ogona ena, kudikiranso pamzere, ndi kumwanso mankhwala aja kuyambira poyamba.

Sabata imodzi isanafike: nkhani ya mapiritsi

Kukonzekera sikuyamba ndi chakudya, kumayamba ndi mankhwala amene mumamwa kale. Tsiku limene akukupatsani deti, tengani mapaketi onse a mankhwala anu, ngakhale azitsamba ndi ogula kugolosale, mukawaonetse. Kungonena kuti "ndimamwa toyera tiwiri m'mawa" sikuthandiza namwino.

Oyamba kusiyidwa ndi mapiritsi owonjezera magazi, monga ferrous sulphate, masiku 7 kupima kusanachitike. Amadetsa chimbudzi n'kuchipangitsa kukhala chomata, moti chimakanirira kukhoma la matumbo ngakhale mutamwa mankhwala otsuka onse. Chosautsa n'chakuti anthu ambiri otumizidwa ku colonoscopy amatumizidwa chifukwa cha kuchepa magazi kosadziwika chiyambi, ndiye kuti ndi omwewo amene ali pa mapiritsi amenewa. Mankhwala oletsa kutsegula m'mimba monga loperamide, ndi opha ululu okhala ndi codeine, nawonso amaumitsa m'mimba ndipo amasiyidwa masiku angapo.

Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ndi nkhani ina, ndipo apa munthu asadzigamulire yekha. Warfarin kawirikawiri amaimitsidwa masiku 5, clopidogrel pafupifupi sabata, kuopa kutaya magazi polyp ikadulidwa. Koma munthu amene anaikidwa valavu yachitsulo mumtima, kapena amene anadwala sitiroko posachedwa, akhoza kufa chifukwa chosiya mankhwala amenewa mwachisawawa. Ena amawasinthira ku jakisoni kwa masiku ochepawo, ena amauzidwa kupitiriza. Aspirin wa mlingo waung'ono nthawi zambiri sasiyidwa.

Odwala shuga apemphe kupimidwa m'mawa. Kumwa glibenclamide kapena kubaya insulin mlingo wa masiku onse pamene simukudya ndi njira yachidule yogwera pansi. Dokotala akuuzeni mlingo wa tsiku losala kudya, ndipo pafupi panu pakhale chakumwa chotsekemera, choti mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta kapena kuona chizungulire mumwe msanga. A BP afunse za mapiritsi okodzetsa monga HCTZ ndi furosemide, komanso enalapril ndi captopril, chifukwa thupi likamataya madzi ambiri mankhwala amenewa amatha kupweteka impso. Chimodzimodzi brufen, diclofenac ndi indocid, amene ambiri timangomwa ngati maswiti.

Pali mfundo ina imene mapepala ochokera kunja satchula kawirikawiri koma kwa ife ndi yofunika. Anthu ambiri omwa ma ARV pano ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Mankhwala ena otsuka m'mimba, monga Picolax ndi Picoprep, ali ndi magnesium, ndipo magnesium amagwira dolutegravir m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Lamulo lake n'loti ARV amwedwe maola awiri musanamwe mankhwala a magnesium, kapena maola 6 pambuyo pake. Ma ARV sasiyidwa, amangosunthidwa nthawi. Piritsi lililonse, kaya la khunyu kaya lolera, likamwedwa mkati mwa ola limodzi ndi mankhwala otsuka likhoza kungokokoloka osagwira ntchito, choncho amayi omwa mapiritsi olera afunse za njira yowonjezera yodzitetezera masiku otsatirawo.

Ngati muli ndi matenda a impso kapena a mtima, ngati muli oyembekezera, kapena ngati mimba yafufuma ndipo mwakhala masiku osachita chimbudzi ngakhale kutulutsa mpweya, nenani musanalawe mankhwalawo. Munthu amene matumbo ake atsekeka sayenera kumwa zotsuka m'mimba.

Masiku awiri kapena atatu: mphika wathu

Pepala la kuchipatala limati idyani zakudya zosasiya zotsalira zambiri m'matumbo, kenako limandandalika zakudya za kumene linalembedwa. Munthu wa ku Ndirande kapena ku Kawale amaliwerenga n'kutsala ndi funso lomwe lija: nanga nsima?

Mfundo yake ndi yosavuta mukaimvetsa. Chilichonse chokhala ndi gaga, makoko, njere kapena ulusi sichigayika chonse, chimafika m'matumbo aakulu chili chomwecho. Ndiye kwa masiku ochepawa, zonse zimene a zaumoyo amatilimbikitsa kudya chaka chonse n'zimene tikuzipewa. Mgaiwa ayi, nsima ya ufa woyera inde, koma yapang'ono ndi yofewa. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mtedza ndi chilichonse chotendera zidikire. Nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, repu, chigwada ndi kabichi zidikirenso. Therere lobala lili ndi tinjere tambirimbiri. Magwafa ndiwo oipitsitsa, chifukwa njere zake zimabisala m'makwinya a matumbo kwa masiku ndipo zimatha kutseka kanjira kamene chipangizo chimayamwira madzi. Mango ali ndi ulusi, matimati ali ndi khungu ndi njere, chimanga chootcha ndi mbuliwuli musaziyandikire.

Zotsala si zochepa monga mmene zikumvekera. Mpunga woyera, buledi woyera, phala la ufa woyera lopanda nsinjiro, mazira, nkhuku yochotsa khungu, chambo kapena nsomba ina yochotsa minga, mbatata ya kachewere yosenda n'kuphika mpaka kufewa. Usipa ndi matemba, popeza timadya ndi minga ndi mitu yomwe, ndi bwino kuzisiya. Wophika akhoza kuika tomato ndi anyezi mumsuzi kuti ukome, kenako n'kuusefa. Amene amadzimbidwa kawirikawiri anene, chifukwa iwowa amafunika masiku ambiri a chakudya chotere, mwinanso mankhwala ofewetsa m'mimba owonjezera.

Ine ndimaona kuti pakhomo pamafunika kuuzidwa zoona. Munthu akabisa chimene akukonzekera, amayi kapena akazi ake amuona akukana ndiwo n'kuyamba kumunyengerera, "idyaniko pang'ono, mungafooke", ndipo supuni ziwiri za nyemba zodyedwa mwaulemu zikaonekera pa sikirini mawa lake.

Tsiku lomaliza chakudya cholimba chimalekeka, nthawi yake ili papepala lanu, nthawi zambiri pambuyo pa kadzutsa wopepuka kapena nkhomaliro yaing'ono. Kuchokera apo ndi zamadzi zoonekera mkati zokhazokha. Muyeso wake ndi uwu: thirani mu galasi, ngati mukutha kuona chala chanu kuseri kwake, imwani. Madzi, tiyi wopanda mkaka, msuzi wa nkhuku wosefa bwino, juwisi wa apozi wosefa, Sobo wosungunula wa mtundu wowala, ndi Thanzi ORS. Thobwa, maheu, mkaka, chambiko ndi phala lamadzimadzi si za m'gulu limeneli ngakhale zimamwedwa. Zakumwa zofiira kapena zapepo, monga Cherry Plum, zimasiya mtundu wofanana ndi magazi m'matumbo. Mowa ayi.

Jagi ija

Mankhwala otsuka alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kudziwa mtundu umene mwapatsidwa kumathandiza kumvetsa malangizo ake. Woyamba ndi wa polyethylene glycol, kapena kuti PEG, umene madokotala a ku Dallas ku America anayambitsa mu 1980. PEG salowa m'magazi. Amagwira madzi amene mwamusungunulira n'kuyenda nawo matumbo onse, akukokolola zonse za m'njira, ndipo muli mchere woyezedwa bwino kuti thupi lisataye wake. N'chifukwa chake ndi amene amasankhidwa kwa odwala impso ndi mtima. Kuipa kwake ndi kuchuluka: Klean-Prep ndi malita 4, MoviPrep ndi malita awiri kuphatikizapo lita ina ya madzi, Plenvu ndi lita imodzi kuphatikizapo madzi enanso. Mtundu wachiwiri ndi wa sodium picosulfate ndi magnesium. Uwu umangokhala kapu imodzi pa sacheti, koma umakoka madzi kuchokera m'thupi mwanu, ndiye mukapanda kumwa zamadzi zambiri pambuyo pake mumauma, mutu n'kuyamba kupweteka. Ndipo zisakhale madzi okhaokha; sakanizani ndi msuzi kapena ORS kuti mchere wa m'magazi usatsike.

PEG asanabwere zinthu zinali zovuta kwambiri. Anthu ankasala masiku angapo n'kupopedwa madzi kumatako kangapo. Ena ankapatsidwa mannitol, mtundu wa shuga umene tizilombo ta m'matumbo timauwiritsa n'kutulutsa mpweya woyaka, ndipo zinalembedwapo kuti matumbo a odwala ena anaphulika pamene dokotala anayatsa kawaya kamagetsi kodulira polyp. Mukamadandaula ndi kukoma kwa jagi yanu, dziwani kuti munabwera nthawi yabwino.

Chinthu chimene chasintha kwambiri m'zaka zaposachedwa ndi nthawi yomwera. Kale mankhwala onse ankamwedwa madzulo. Lero mabungwe a madokotala a m'mimba ku Ulaya ndi ku America amalangiza kugawa pawiri, theka madzulo, theka m'mawa wa tsiku lopima. Chifukwa chake n'chomveka. Matumbo aang'ono sagona usiku. Amapitiriza kutsanulira ndulu ndi mamina m'matumbo aakulu, ndipo zimenezi zimayamba kumata mbali ya kumanja, kumene ma polyp aphwatalala aja amakonda kukhala. Munthu amene anamaliza mankhwala 9 koloko usiku n'kupimidwa 11 koloko m'mawa amakhala atadetsedwanso. Theka lachiwiri limayambika maola 4 mpaka 6 nthawi yopima isanakwane, ndipo limalizidwe kutatsala maola osachepera awiri. Ngati deti yanu ndi 9 koloko m'mawa, ndiye kuti mudzuka cha m'ma 4 koloko. N'zowawa, koma theka la m'mawali ndi limene ambiri amalidumpha poganiza kuti ayera kale, ndipo ndi limene limagwira ntchito yeniyeni.

Kamwedwe kake: sungunulani ndi madzi aukhondo, owiritsa n'kuzizira, muyeso weniweni wolembedwa pa paketi. Botolo la lita imodzi lotsuka bwino limathandiza kuyeza. Kapu imodzi pa mphindi 10 kapena 15 zilizonse, osati kugugudiza zonse kamodzi. Akazizira amamweka bwino. Ngati mulibe firiji, kumiza botolo mumtsuko wa madzi kumathandizako. Ena amamwera kapaipi kuti asakhudze lilime kwambiri, ena amayamwa kachidutswa ka ndimu pakati pa makapu. Mseru ukabwera, pumulani theka la ola n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Mukasanza zambiri mobwerezabwereza, imbani kuchipatala. Musalowetse m'malo mwake mankhwala azitsamba otsegula m'mimba kapena kudzipopa madzi. Kupopa kumangotsuka kumapeto kwenikweni, pamene kamera ikupita mita ndi theka.

M'mimba mumayamba kubwadamuka pakatha ola limodzi mpaka atatu, ndipo zikayamba sizipereka nthawi yofunafuna nsapato. Apa ndi pamene nyumba zathu zimasiyana ndi zimene olemba mapepala aja ankaganiza. Ngati chimbudzi chili panja, kapena ndi cha anthu a pa lendi onse, konzekeranitu: tochi yokhala ndi mabatire, ndowa yovundikira m'chipinda, njira yopanda zopunthwitsa. Ngati ndi cha madzi, tungiranitu m'zigubu, mpopi ukhoza kuuma usiku womwewo. Pakani vaselini kunjira ya chimbudzi musanayambe, osadikira kuti payambe kuwotcha, ndipo muzitsuka ndi madzi m'malo mopukuta ndi pepala nthawi zonse. Agogo ndi aliyense wofooka asagone okha usiku umenewu, chifukwa kugwa popita kuchimbudzi mumdima ndi ngozi yeniyeni.

Wochokera kutali, kaya ku Mulanje, ku Ntcheu kapena ku Kasungu, asaganize n'komwe zomwa theka la m'mawa kenako n'kukwera minibasi. Fikani mumzinda dzulo lake masana, musanayambe mankhwala, mugone kwa achibale kapena pamalo ogona apafupi ndi chipatala pomwe muli ndi chimbudzi chanu. Ndalama ya malo ogona usiku umodzi ndi yochepa poyerekeza ndi kubwereza zonse. Amene akukapimidwira ku South Africa kapena ku India aikenso masiku amenewa pa ulendo wawo, chifukwa zakudya za pandege ndi za kuhotela sizisankha njere.

Mudziwa bwanji kuti mwayera? Yang'anani musanagejemule. Poyamba chimatuluka chimbudzi wamba, kenako chamadzi chabulauni chokhala ndi tizidutswa, kenako chimanka chiwala. Chofunika ndi madzi achikasu oonekera mkati, ofanana ndi mkodzo, opanda tizidutswa. Ngakhale mufike pamenepo msanga, malizani mankhwala onse. Ngati nthawi yonyamuka yakwana koma zikutulukabe zabulauni, uzani anamwino mukangofika, musanagone patebulo. Nthawi zina amatha kukuwonjezerani mankhwala n'kukusunthirani masana a tsiku lomwelo, zimene n'zabwino kuposa kuzindikira kamera italowa kale.

Tsiku lenilenilo

Maola awiri omaliza musamwe kanthu, kuti m'mimba mukhale mopanda kanthu pamene mukubayidwa mankhwala owodzeretsa. Bwerani ndi gadiyani. Mankhwala monga midazolam amachititsa munthu kudzimva ngati ali bwinobwino pamene mutu sunabwerere, ndipo kwa maola 24 simuyenera kuyendetsa galimoto kapena njinga, kumwa mowa, kugwira makina kapena kusaina mapepala ofunika. Kukwera kabaza nokha pobwerera si nzeru. Ena amasankha kupimidwa osabayidwa, ndipo n'zotheka; amamva kupotokola ngati kwa mpweya pamene chubu chikukhota. Za manyazi, mumagona chammbali mutafunda, ndipo maso a onse m'chipindamo amakhala pa sikirini.

Pambuyo pake mimba imakhala yofufuma ndipo mpweya umatuluka wambiri. Usiyeni utuluke, ndi umene anapopera uja. Mukhoza kudya tsiku lomwelo, kuyamba ndi zopepuka, ndipo musadabwe mukatha tsiku limodzi kapena awiri osachita chimbudzi, mulibe choti chituluke. Timadontho ta magazi pambuyo podula polyp kapena kutenga kanyama kokapima si tachilendo. Koma kupweteka kwambiri kwa m'mimba kosaleka, mimba youma gwa, kutentha thupi, kapena magazi ambiri ndi zigamphu zake, ngakhale patapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Kubooka kwa matumbo kumachitika mwa apo ndi apo, kwa munthu osaposa mmodzi pa 1,000 aliwonse, koma kukachitika sikudikira kuti kuche.

Musanachoke, pemphani lipoti lolembedwa ndipo gadiyani wanu amve nawo zimene dokotala akunena, chifukwa inu mukhoza kuiwala. Mu lipotimo muli mzere wonena mmene matumbo anayerera. Zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito muyeso wa Boston, umene umagawa matumbo m'zigawo zitatu n'kupereka malikisi 0 mpaka 3 pa chigawo chilichonse, onse pamodzi 9. Ngati chigawo chilichonse chapeza 2 kapena 3 ndipo sanapeze kanthu, munthu wopanda chiopsezo china amatha kukhala zaka 10 asanapimidwenso. Ngati chigawo china chapeza zochepera apo, mawu oti "sitinaone kanthu" sakutanthauza kuti mulibe kanthu, ndipo kupima kumayenera kubwerezedwa chaka chisanathe. Funsaninso ngati kamera inafika kumapeto kwenikweni kwa matumbo aakulu, kuti mankhwala amene munaimitsa muwayambirenso liti, komanso tsiku ndi malo okatengera zotsatira za tinyama timene atumiza ku labu.